Zimene Dona Anachotsa M'laputopu ya Amayi Ake

Pali nyumba zina zimene ukangolowa umadziwiratu kuti muno muli mayi wophunzira. Nyumba imene anakuliramo Dona inali yotero. Pansi pankawala, makatani ankachapidwa asanade, ndipo pakona ya chipinda chochezera panali tebulo la laputopu ndi pulinta, limene mlendo aliyense ankaliona asanakhale pansi. Dzina loti Dona silinali lake lenileni. Anamupatsa ndi bambo ake, dalaivala wa basi, chifukwa ali ndi zaka zitatu zokha ankakana kutuluka panja ngati nsapato sizikugwirizana ndi diresi.

Mayi ake anali wotaipa. Makalata ofunsira ntchito, makhadi a ukwati, madandaulo opita kumaofesi, zonse zinkadutsa pazala zawo. Kuyunivesite sanafikeko, koma sekondale anaimaliza mokhoza bwino, ndipo ife amene tinadutsa m'makalasi amenewo pa nthawi imene sukulu inali sukulu tikudziwa tanthauzo lake. Munthu ankabwera ndi mawu obalalika ngati nkhuku zothawa mvula, n'kutuluka ndi kalata imene ngakhale bwana wamkulu ankaiwerenga kawiri. Lisiti lililonse ankalisunga m'faelo. Lendi, chakudya ndi fizi ya Dona, theka lake linkachokera m'laputopu imeneyo.

Vuto linayamba Dona atalowa koleji. Kumeneko anapeza atsikana osintha tsitsi sabata iliyonse, okhala ndi mafoni amene akaitana kalasi yonse inkatembenuka. Yake inali yosweka galasi, ndipo ankaibisa pansi pa buku ngati chilonda.

Anayamba ndi zazing'ono. Akamutuma kugolosale, ndalama yotsala sinkabwerera. Kenako anayamba kupulintira anzake manotsi mayi ake akachoka, malipiro n'kulowa m'chikwama chake.

"Inki ya pulinta iyi akumwa ndani?" anafunsa mayi ake tsiku lina, akugwedeza kabotolo kopanda kanthu.

"Mwina pulintayo yayamba kumwa mobisa, mayi a Dona," anatero bambo ake akumanga zingwe za nsapato. "Muipempherere."

Dona anaseka nawo, koma maso a mayi ake sanaseke.

"Iwe, tandiyang'ana. Ukafuna chinthu, pempha. Ndikakana, kwiya, lira, tseka chitseko mwamphamvu ngati ukufuna. Koma usatenge. Wandimva?"

"Ndamva, amayi. Koma si ine."

Bambo ake anaimirira n'kutenga chipewa chawo. Nthabwala zinali zitatha.

"Mwanangu, ndagwira ntchito ndi makondakitala ambiri. Onse amene anachotsedwa anayamba ndi wokwera mmodzi amene sanamudulire tikiti. Mmodzi yekha. Palibe amene anayamba ndi basi yonse."

Dona anaweramitsa mutu ngati wamva. Sabata yotsatira anapulintanso.

Chaka chimenecho laputopu inali italowa chaka chachinayi, ndipo inayamba kudwala. Ikagwira ntchito kanthawi inkatentha ngati simbi, sikirini n'kuyamba mizeremizere, kenako thi! Kuzima pakati pa kalata ya kasitomala. Tsiku lina inazimiratu osayakanso. Mayi wina akanangolira n'kuyamba kufunsa mitengo ya ina. Koma awa anafufuza kaye, ndipo anapeza anthu atatu amene anagula mtundu womwewo pashopu yomweyo, onse akudandaula za matenda omwewo. Anavala suti yawo yabuluu, anatenga faelo, n'kuuza Dona kuti anyamule laputopu.

Manijala wa shopuyo anali bambo wa tayi yofiira ndi mimba yoyamba kutsogola. Anapereka laputopuyo kwa wantchito wake kuti akaiyese kuseri, ndipo itabwerera anaikankhira kwa mayiwo ndi zala ziwiri.

"Mayi, walanti inali ya chaka chimodzi. Chino ndi chachinayi. Makinawa akalamba. Gulani ena, tili ndi abwino kwambiri."

"Akalamba? Achimwene, mwandiyang'ana bwino? Wokalamba ndine, koma sindizima ndekha pakati pa ntchito."

Makasitomala amene anali pamzere anaseka. Manijala anakonza tayi.

"Lamulo la shopu ndi limenelo, mayi."

"Lamulo la shopu ndi la m'shopu. Tsiku limene munkandigulitsa munati chiyani? Munati iyi ndi ya anthu a ntchito, ikhala zaka. Simunati ikhala miyezi khumi ndi iwiri kenako aliyense aone msana wa mnzake. Ndipo si ine ndekha. Tilipo anayi, matenda amodzi. Tionana ku ofesi ya ogula."

Dona, atanyamula laputopu pachifuwa, anamva kukoma mumtima. Ngakhale iye, ndi kuba kwake konse, ankadziwa kuti amayi ngati amenewa sapezeka pakhomo lililonse.

Ku ofesi yoona za ufulu wa ogula anawalandira mayi wa magalasi, wolankhula mofatsa. Anatsegula faelo ija n'kuona lisiti, kapepala ka walanti, ngakhale chidutswa cha katoni chokhala ndi manambala a makinawo.

"Anthu onse akanamasunga mapepala chonchi, bwenzi ntchito yanga ili yopepuka," anatero. "Tamverani, mayi. Walanti ndi lonjezo la wogulitsa, koma ufulu wa wogula suthera pamenepo. Katundu wodula chonchi ayenera kukhala nthawi yoyenerana ndi mtengo wake. Ngati vutoli linachokera kufakitale, a shopu ayenera kukonza, apo ayi akupatseni chipukuta misozi, atachotsapo zaka zimene mwaigwiritsa ntchito. Koma umboni wanu wonse uli m'kati mwa laputopuyi. Katswiri wathu adzaitsegula pamaso pa inu ndi a shopu pakatha masabata atatu. Kufikira tsiku limenelo, asaitsegule munthu. Wina aliyense."

"Kunyumba kwanga chinthu chimakhala pamene ndachiika," anayankha mayi a Dona.

Atafika kunyumba anaiika m'chikwama chake n'kuikweza pamwamba pa wadiropu. Kuti makasitomala asathawe, anayamba kupita kukalipira kompyuta ya pa ola kushopu ina ya kumapeto kwa msewu. Phindu linachepa, koma sanadandaule. Ankati masabata atatu si chaka.

M'masabata omwewo foni ya Dona inaferatu mbali imodzi. Anapita nayo kwa wokonza mafoni wina amene anali ndi kabenchi pansi pa masitepe a nyumba ya mashopu pafupi ndi depoti. Anthu ankamutcha Mawaya. Anali ndi mphete kuchala chilichonse ndi pakamwa potsekemera kuposa shuga.

"Sisi, iyi si foni, ndi chikumbutso cha makolo," anatero akuitembenuza. "Mtsikana wooneka ngati iwe ungamayende ndi chinthu ichi? Anzako sakuseka?"

"Kunyumba zinthu sizili bwino. Laputopu ya amayi inafa."

Anamufotokozera zonse, mpaka za katswiri ndi masabata atatu. Mawaya anasiya foni ija n'kumuyang'ana ndi chidwi.

"Ndiye mtembowo uli kunyumba? Ndi zonse za m'mimba?"

"Uli pa wadiropu."

"Mlongo wanga, tamvera. Chimene chinafa mmenemo ndi bolodi, kathabwa kamene zonse za m'kati zimalumikizidwapo. Koma memole ndi disiki, zimene makinawo amasungiramo zinthu, ndi zamoyo, ndipo ndili ndi munthu amene akuzifuna lero lomwe. A shopu akadzalipira, makinawo adzawatenga n'kukawataya. Ukufuna zinthu zabwino zikawolere kudzala? Bwera nayo, ndichotse ziwirizo, ndiikemo zakufa zofanana nazo. Iwe utuluka pano ndi iyi."

Anatulutsa foni m'kabati n'kuiika pabenchi. Inali yaikulu, yopyapyala, ya makamera atatu.

"Amayi anati isatsegulidwe."

"Amayi ako amaona m'kati mwa pulasitiki? Akatswiri a m'maofesi ndimawadziwa ine. Amadina batani, osayaka, asaina, apita kukadya. Amayi alandira chipukuta misozi chawo, iwe uli ndi foni, ine ndadya. Walira ndani pamenepa?"

Dona anaigwira foni ija. Inali yozizira ndi yosalala. Anaibweza n'kupita kwawo, koma masiku awiri onse sanaganize china. Tsiku lachitatu m'mawa, bambo ake ali pamsewu, mayi ake ali kukompyuta ya pa ola, anakwera pampando n'kutsitsa chikwama chija.

Mawaya anagwira ntchitoyo foni ili pakati pa khutu ndi phewa, akukangana ndi mkazi wina za nsapato. Anamasula masikuluwu onse a pansi pa laputopu, timisomali tozungulira tija togwira chivindikiro, n'kuwaponya pamodzi m'kachitini. Anazula zimene ankafuna, anaikamo zina zafumbi, n'kuyamba kutseka. Ankangotola sikuluwu iliyonse imene yabwera kuchala. Imodzi inakana kulowa yonse. Anaikanikiza ndi mphamvu, ndipo m'kati munamveka kaphokoso, tche!

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa Dona.

"Pulasitiki ikudziwongola, sisi. Usaope. Tenga foni yako uzipita."

Pofika masana laputopu inali itabwerera pamwamba pa wadiropu, chikwama chitayang'ana mbali yomwe chinali.

Kukoleji anzake anamuzungulira. Anamujambula, anajambulana, ndipo kwa masiku angapo Dona ankayenda ngati nthaka ndi ya bambo ake. Kunyumba mayi ake anaiona foniyo tsiku loyamba lomwe.

"Imeneyo yachokera kuti?"

"Wandibwereka mnzanga, amayi. Ali nazo ziwiri."

"Mnzako wobwereketsa chinthu chotere ubwere naye kuno ndidzamuone nkhope. Ndipo ukamubwezere. Chinthu chimene sungathe kunena mtengo wake pamaso pa bambo ako, si chako."

Kutatsala tsiku limodzi kuti apite kwa katswiri, mayi ake anabwera ndi pepala limene anataipa okha, lofotokoza mbiri yonse ya laputopuyo. Anamupatsa Dona.

"Maso ako ndi anthete. Werenga uone ngati pali chilembo cholakwika. Sindifuna manijala uja adzapeze pogwira."

Dona anawerenga. Linali pepala lokongola, mawu aliwonse pamalo pake. Chakumapeto panali mzere wakuti: Laputopuyi sinatsegulidwepo ndi munthu aliyense chiigulireni. Anauwerenga katatu. Mayi ake anali ataima pambali pake, dzanja lili paphewa lake. Ukanakhala mpata wabwino bwanji umenewo woti aulule! Mulungu amatsegula khomo munthu asanagwe, koma samukankha kuti alowe.

"Zili bwino, amayi," anatero. "Palibe cholakwika."

Tsikulo linafika. M'chipinda cha ku ofesi munali tebulo lalitali. Mbali ina kunakhala manijala ndi tayi yake, mbali ina mayi a Dona ndi mwana wawo, kumutu kwa tebulo mayi wa magalasi uja. Katswiri anali bambo wachikulire wa imvi, wosalankhulalankhula. Anayala nsalu yoyera n'kuikapo laputopu chafufumimba. Batani sanaligwire n'komwe. Anatenga pepala, anajambulapo pansi pa laputopuyo, n'kuika kadontho pamalo a sikuluwu iliyonse. Akamasula imodzi, ankaiyang'ana pagalasi lokuza zinthu, n'kuiika pakadontho kake.

Dona anaona kuti uyu sanali katswiri wodina batani n'kupita kukadya.

Pa sikuluwu yachisanu bamboyo anaima. Anaikweza m'mwamba kuti onse aione.

"Iyi si ya pano," anatero.

"Mukutanthauza chiyani, bambo?" anafunsa mayi a Dona.

"Masikuluwu a makina awa amaoneka ofanana, mayi, koma si ofanana. Atatu ndi aatali, a kumbuyo kuno kumene kuli mahinji opindira sikirini. Enawo ndi aafupi. Iyi ndi yaitali, koma ndaipeza pabowo la yaifupi. Kufakitale salakwitsa chonchi. Amalakwitsa chonchi ndi munthu amene waponya onse m'chitini chimodzi."

Anachotsa chivindikiro mosamala n'kuweramira m'kati. Anapukusa mutu.

"Taonani. Nsonga yake inaboola bolodi, ndipo yaboola pamalo penipeni pamene makina a mtundu uwu amapsera. Komanso memole ndi disiki izi manambala ake sakugwirizana ndi a pakatoni yanu. Izi ndi zakufa kalekale, za makina ena."

Manijala anamenya tebulo ndi chisangalalo.

"Ndinanena ine! Suti yabuluu, faelo yaikulu, chizungu chambiri, kumbali anagulitsa za m'kati! Mayi, munandichititsa manyazi pamaso pa makasitomala anga, chonsecho wakuba ndinu!"

Mayi a Dona anaimirira. Sanakuwe. Mawu awo anatsika, ndipo amene ankawadziwa akanathawa.

"Achimwene, zaka zonse zimene ndakhala ndikutaipa makalata a anthu, sindinalembepo bodza ngakhale la kasitomala. Laputopu iyi yachoka m'manja mwanga kamodzi kokha, tsiku limene wantchito wanu analowa nayo kuseri kwa shopu yanu. Ngati pali amene anaitsegula, mukamufunse ameneyo." Anatembenukira kwa mayi wa magalasi. "Bweretsani fomu ya lumbiro. Ndisaina pompano kuti kunyumba kwanga sinakhudzidwe."

"Mayi, ganizani kaye," anatero wa magalasi akutulutsa fomuyo. "Kulumbira zabodza ndi mlandu. Ndipo mukasaina, wantchito mukumunenayo afufuzidwa, mwina ntchito imuthera."

"Ndikudziwa chimene ndikusaina. Nyumba yanga ndimaidziwa."

Anachotsa chivindikiro cha cholembera.

Dona ankayang'ana dzanja limenelo. Linali dzanja limene linamulipirira fizi chilembo ndi chilembo. Akanangokhala chete mphindi imodzi, amayi ake akanalumbira bodza ndi mtima woyera, munthu wosalakwa akanachotsedwa ntchito, ndipo iye akanatuluka ndi foni yake m'thumba. Cholembera chinatsika.

"Amayi, musasaine."

"Khala chete iwe, akuluakulu akulankhula."

"Amayi, ndine. Ndinaitsitsa pa wadiropu. Ndinapita nayo kwa Mawaya wa pansi pa masitepe. Foni ija sanandibwereke mnzanga."

Mayi a Dona anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, ngati akuwerenga kalata ya chilankhulo chachilendo.

"Pepala lija ndinakupatsa dzulo unaliwerenga?"

"Ndinawerenga, amayi."

"Lonse?"

"Lonse."

Apa m'pamene munthu wophunzira amasiyana ndi wongodziwa kuwerenga. Mayi wina akanakomoka, wina akanavula nsapato n'kuyamba kumenya mwana pamaso pa anthu, wina akanati mwanayu wasokonezeka mutu. Awa anabwezera chivindikiro pacholembera, anachiika pansi, n'kutembenukira kwa manijala.

"Achimwene, ndamunamizira wantchito wanu. Mukamuuze kuti ndapepesa, ndipo ndibwera ndekha kudzamupepesa pamaso pa anzake. Mawu oti wakuba muwabweze, chifukwa sindinabe. Koma wakubayo wachokera m'nyumba mwanga, ndipo zimenezo ndazilandira." Kenako anayang'ana mayi wa magalasi. "Dandaulo langa ndalichotsa."

Manijala anayang'ana pansi. "Ndabweza, mayi," anatero motsitsa mawu.

Katswiri uja ankapinda nsalu yake pang'onopang'ono.

"Mayi, ndikuuzeni zoona," anatero. "M'mbali mwa bowoli ndikuona ngati panali kupsa kwakale. Mtima wanga ukuti munali ndi mlandu wabwino. Koma sindisainira mtima, ndimasainira chimene maso aona, ndipo chimene ndikanaona chabooledwa."

"Musasaine, bambo. Mukanasaina ndikanakunyozani."

Potuluka sanalowere kunyumba. Mayi ake anati, "Tsogola," ndipo Dona anatsogola mpaka pansi pa masitepe aja. Mawaya atawaona anayamba kupukuta benchi imene inali yoyera kale.

"Zimene munachotsa m'laputopu yanga zili kuti?" anafunsa mayiwo.

"Laputopu iti, madamu? Ine ndimakonza mafoni. Mtsikanayu sindinamuonepo chibadwire."

"Sisi uja ndine, a Mawaya!" analira Dona. "Munati palibe amene alire!"

"Amayi, mwana wanuyu akudwala? Pano pamadutsa anthu ambiri."

Mayi ake sanataye mawu ena pa iye. Anauza Dona kuti atulutse foni ija. "Isiye pabenchipo. M'nyumba mwanga silowanso." Dzina la Mawaya anakalipereka ku ofesi ija, koma pofika sabata yotsatira pansi pa masitepe panali munthu wogulitsa malamba.

Bambo ake atamva nkhaniyo anakhala pampando chipewa chili m'manja. Dona ankayembekezera kukalipiridwa. Iwo anangofunsa funso limodzi.

"Pamene unkakwera pampando kuti uitsitse, unaganizako za amayi ako?"

"Ndinaganiza kuti sadziwa."

"Sindinafunse zimenezo."



Masabata atatu aja anasanduka miyezi. Kompyuta ya pa ola inkadya phindu lonse, ndipo makasitomala ena amene sankafuna kuti makalata awo azitaipidwa pagulu anapita kwina. Teremu yotsatira fizi sinakwane. Dona anasiya koleji n'kuyamba ntchito yosanja katundu m'mashelefu m'golosale yaikulu, kuimirira tsiku lonse. Atsikana osintha tsitsi aja akabwera kudzagula ankamudutsa ngati sakumudziwa. Malipiro ake ankawapereka kwa mayi ake envelopu isanatsegulidwe. Palibe amene anamulamula.

Mayi ake sanasinthe ngakhale pang'ono. Anapita kushopu kuja, suti yabuluu yomweyo, n'kupepesa wantchito uja pamaso pa anzake monga analonjezera. Ndipo anthu atatu aja amene anagula makina ofanana anawataipira madandaulo awo pakompyuta ya pa ola, osawalipiritsa. Makalata ake anali akuthwa moti onse atatu anapambana. Mmodzi wa iwo, mphunzitsi wopuma pantchito, anabwera kudzathokoza n'kufunsa kuti nanga yawo inatha bwanji.

"Yanga inali ndi vuto lina," anayankha mayiwo, n'kusintha nkhani. Dona anamva ali kukhitchini, ndipo mawu amenewo anamupweteka kuposa mbama.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi, Loweruka lina masana, kunabwera kalata yochokera kushopu kuja. Mayi ake anaiwerenga ataimirira. Kenako anaitana Dona ndi bambo ake.

"Werenga mokweza," anatero akumupatsa.

Dona anawerenga. Kalatayo inkati chifukwa cha madandaulo amene anafika ku ofesi ya ogula, opanga makinawo avomera kuti mtundu umenewo unatuluka kufakitale ndi vuto. Aliyense amene anagula abweretse yakaleyo kuti alandire yatsopano, mosawerengera zaka. Kenako Dona anafika pamzere womaliza: kupatula makina amene anatsegulidwa kapena kusinthidwa za m'kati ndi munthu wosavomerezeka.

Anagwada pansi kalata ili m'manja.

"Amayi, ndimenyeni. Chonde, ndimenyeni kamodzi kokha."

"Ndikumenye kuti upepukidwe? Ayi, mwanangu. Dzuka."

"Nkhondo yonseyi munamenya ndinu. Aliyense walandira, inu nokha ayi."

"Eya. Ndipo ndikufuna uzikumbukire zimenezo moyo wako wonse." Anamugwira mkono n'kumudzutsa. "Koma ukumbukirenso ichi. Tsiku lija unalankhula cholembera chisanafike papepala. Ukanachedwa pang'ono pokha, bwenzi ndataya makina, dzina langa, ndi mwana yemwe. Makina ndataya. Zinazo wandisiyira. Pita ukasambe kumaso, ukuchedwa kuntchito."

Dona anabwerera kukoleji patatha chaka ndi theka, anzake a kalasi atamusiya kutali. Lero ndi munthu wokhulupirika, moti kugolosale kuja asanachoke ankamusiyira makiyi. Koma anapulumukira pakabowo kakang'ono kwambiri, ndipo ambiri amene amayamba monga anayambira iye sapulumuka.

Tsono inu achinyamata, ndikuuzeni mosabisa monga mayi amene waona zambiri. Kuba m'nyumba ya makolo ndi kuba, ngakhale chinthucho chikhale chakufa, ngakhale wina akuuzeni kuti palibe amene adzalire. Amene amakuuzani zimenezo sadzakhalapo pa tsiku lolira, ndipo mukadzamupeza adzati sakudziwani. Ufulu wa wogula ndi weniweni. Sungani malisiti, dziwani kodandaula, musaope munthu chifukwa wavala tayi. Koma ufulu umenewo umaima pa choonadi, ndipo bodza limodzi la m'nyumba limaugwetsa kuposa mmene manijala khumi angaugwetsere. Mayi a Dona anagonjetsa shopu, anagonjetsa fakitale, anapezera anthu osawadziwa makina atsopano. Amene anawalanda awo anali mwana amene anamubereka okha.